Amapalasa njinga tsiku lonse kuti wina awine: ntchito ya domestique

Ngati munaonerako Tour de France pa TV mwezi wa July, mwina munadabwa ndi chinthu ichi. Anthu pafupifupi 180 ali pa njinga, akupalasa pamodzi mu chigulu chimodzi kwa maola 4 kapena 5, ndiye kutsogolo kwa chigulucho kuli kamzere ka anyamata ovala jezi yofanana, wakutsogolo kwenikweni thukuta lili kamukamu, kukamwa kuli yasa, wakhala pamenepo kuyambira mmawa. Kenako patatsala makilomita ochepa kuti afike, munthu uja angopatukira pambali, kuleka kupalasa mwamphamvu, anzake onse nkumudutsa, iye nkudzafika patadutsa mphindi 20 ali nambala 140. Munthu woonera koyamba amati ameneyu sadziwa kusunga mphamvu, watopa pachabe. Koma usiku wa tsiku limenelo ku hotelo, munthu woyamba kuthokozedwa pa tebulo la timu ndi yemweyu.

Amamutcha domestique. Ndi mawu a Chifalansa, tanthauzo lake wantchito wa m'nyumba. Ku Italy amati gregario, ngati msilikali wamba wopanda udindo, ku Belgium ndi ku Netherlands amati knecht, wantchito basi. Afalansa ena amangoti porteur d'eau, wotunga madzi. Maina onsewa akumveka onyoza ndipo poyamba analidi onyoza, koma anthu ambiri amene mumawaona mu chigulu chija ntchito yawo ndi imeneyi. Mu Tour de France timu iliyonse imabwera ndi anthu 8 (mpaka 2017 anali 9), ndipo pa timu yomwe ikufuna kuwina mpikisano wonse, mmodzi yekha ndi amene wabwera kudzawina. Anzake 7 aja abwera kudzatha mphamvu zawo m'malo mwake.

Kuti izi zimveke tiyambire pa mphepo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Aliyense amene anapalasapo njinga moyang'anizana ndi mwera mwezi wa June akudziwa mmene zimakhalira, msewu uli flati bwinobwino koma ukumva ngati ukukwera chitunda, malaya akukupiza, njinga siikuyenda. Tsono anthu awa amayenda sipidi ya makilomita 40 mpaka 45 pa ola tsiku lonse, ndipo pa sipidi imeneyo olo kunja kuli bata, mphamvu zambiri za munthu zimathera pongokankha mpweya womwe uli kutsogolo kwake. Ukakhala kumbuyo kwenikweni kwa tayala la mnzako, iye ndi amene akung'amba mpweyawo, iwe ukungolowa pamalo pomwe wakutsegulira, ndipo umasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zako. Ukakhala pakati pa chigulu chachikulu ndiye zimaposa apo. Mu 2018 katswiri wina wa ku yunivesite ya Eindhoven, Bert Blocken, anayeza chigulu cha anthu 121 nkupeza kuti amene ali mkati chakumbuyo amakumana ndi mphepo yochepa kwambiri, 5 mpaka 10 peresenti yokha ya yomwe munthu wopalasa yekha amakumana nayo. Ndiye ganizani, anthu awiri afika pamzere nthawi imodzi, mtunda ayenda wofanana, koma wina wagwira ntchito yoposa mnzake kutali chifukwa chongokhala kutsogolo.

Tour de France ndi masabata atatu, masiteji 21 (siteji ndi mpikisano wa tsiku limodzi), masiku opuma awiri okha, mtunda wonse makilomita oposa 3,000. Siteji imodzi wamba ndi ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mangochi, mawa lake kudzukanso kupalasa mtunda ngati womwewo koma ulendo uno wodutsa m'mapiri. Wowina ndi amene nthawi yake yonse ikaphatikizidwa ili yochepa, ndipo amavala jezi yachikasu. Kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri pambuyo pa maola pafupifupi 80 ali pa chishalo kumakhala mphindi zochepa, mu 1989 kunali masekondi 8 okha pakati pa Greg LeMond ndi Laurent Fignon. Pamenepa mphamvu ili ngati ndalama ya mwezi, ukaimwaza sabata yoyamba ulibenso pokatenga. Ma domestique ndi anthu omwe amawononga zawo kuti mtsogoleri asunge zake, adzazitulutse pa phiri lomwe mpikisano udzagamulidwe.

Ntchito yooneka kwambiri ndi yokoka chigulu. Pafupifupi siteji iliyonse pamakhala anthu angapo, mwina 4 mwina 15, omwe amathawa koyambirira nkutsogola ndi mphindi zingapo. Timu yomwe ili ndi jezi yachikasu kapena yomwe ili ndi munthu wa liwiro wofuna kuwina tsikulo imatuma munthu mmodzi kapena awiri kutsogolo kwa chigulu kuti othawa aja asapite patali. Si kungopalasa mwachisawawa ayi, pali masamu ake. Ukawagwira msanga, ena omwe sanatope athawanso ndiye ntchito iyambirenso, ukachedwa awina. Pali kawerengedwe kakale komwe anayambitsa Robert Chapatte, wopalasa njinga yemwe anadzakhala muulutsi wa pa TV, koti chigulu chikalusa chimabweza mphindi imodzi pa makilomita 10 aliwonse. Tim Declercq wa ku Belgium anatchuka ndi ntchito imeneyi mpaka anamupatsa dzina loti El Tractor, thirakitala, chifukwa amatha kukhala kutsogolo makilomita oposa 100 sipidi osasintha. Mukafufuza mipikisano ikuluikulu yomwe anawina simuipeza, koma anzake a timu ya Quick-Step anawina zambirimbiri ali kumbuyo kwa msana wake.

Ndiye pali madzi. Izi zimaoneka zazing'ono mpaka utaziganizira bwino. Kukatentha munthu mmodzi amamwa mabotolo ochuluka kwambiri pa siteji imodzi, botolo lililonse theka la lita, njinga imanyamula awiri okha. Mabotolo ena ali m'galimoto ya timu, ndipo galimotoyo ili kumbuyo kwa chigulu mu mzere wa magalimoto oposa 20. Domestique amakweza dzanja, kubwerera mmbuyo pang'onopang'ono mpaka kutuluka mu chigulu, kupalasa moyandikana ndi windo la galimoto yomwe ikuyenda, dzanja limodzi pa handulo, kulandira botolo limodzi limodzi nkumalowetsa m'matumba a kumbuyo, m'khosi mwa jezi, pamimba, mpaka 7 kapena 8, jezi nkutupa ngati thumba la mbatata. Akatero azipalasa yekha mu mphepo kudutsa magalimoto aja, kupeza chigulu, kudutsa anthu 170 m'mbali mwa msewu ndi katundu wa makilogalamu 4 owonjezera, kugawira anzake, ndipo pakadutsa mphindi 40 abwererenso. Kukazizira amakatenga majekete a mvula, kukatentha amakabweza. Mtsogoleri akafuna kukodza naye amaima, kuti pobwerera akhale ndi womutchingira mphepo. Kulandira zakudya kuchokera m'galimoto kumaletsedwa siteji ikatsala pang'ono kutha, ndipo mu 2013 pa phiri la Alpe d'Huez, mtsogoleri wa timu ya Sky Chris Froome atamva kuti shuga wamuthera m'thupi, womuthandiza wake Richie Porte anabwerera ku galimoto kukamutengera kachakudya akudziwa kuti nthawi yololedwa yadutsa. Onse awiri anawalanga masekondi 20, koma Froome akanapanda kudya akanataya zoposa pamenepo.

Tayala la mtsogoleri likaphulika galimoto ili kutali, domestique amapereka tayala lake kapena njinga yonse, iye nkutsala pambali pa msewu kudikira. Matimu amayesetsa kuti pafupi ndi mtsogoleri pakhale munthu wa msinkhu wofanana naye chifukwa cha zimenezi. Zomwe zinachitika mu 2022 pa siteji 5, ya m'misewu ya miyala yopita ku Arenberg, zimaonetsa bwino. Njinga ya Jonas Vingegaard, mtsogoleri wa timu ya Jumbo-Visma, inavuta, anatenga ya mnzake Nathan Van Hooydonck yomwe inali yaikulu moti samatha kukhala bwino pa chishalo, nkusinthanso kutenga ya Steven Kruijswijk, kenako galimoto inafika nkutenga yake, nthawi ikungopita uku mdani wake wamkulu Tadej Pogačar akuthawa kutsogolo. Mnzake wa timu Wout van Aert, yemwe tsiku limenelo anavala jezi yachikasu iye mwini, anamukoka Vingegaard makilomita onse otsala mpaka anangotaya masekondi 13 okha kwa Pogačar. Chaka chimenecho Vingegaard anawina Tour. Koma thandizo lotere ndi la m'timu mokha. Mu Giro d'Italia ya 2015, mpikisano wa masabata atatu wa ku Italy, Simon Clarke anapatsa tayala Richie Porte chifukwa onse ndi a ku Australia ngakhale matimu anali osiyana, ndipo aliyense anadulidwa mphindi 2.

Pali ntchito ina yomwe kamera siionetsa bwino koma opalasa eni ake amati ndi yotopetsa mutu kuposa zonse, yosunga malo. Msewu ukamachepa, kapena kukubwera kona yoopsa, kapena phiri likuyamba, matimu onse amauzidwa pa wailesi ya m'khutu chinthu chimodzi, khalani kutsogolo. Anthu 180 sangakwane onse kutsogolo kwa msewu wa mamita 6. Ndiye kumakhala kukankhana ndi mapewa pa sipidi ya 60, mahandulo akugundana, ndipo domestique ayenera kuboola njira mtsogoleri ali pa tayala lake. Mphepo ikamaomba cha m'mbali ndiye zimafika poipa, chifukwa pobisala sipakhalanso kumbuyo kwa mnzako koma cha pambali pake, mzere umapendekeka kudutsa msewu ndipo msewu ukatha m'lifupi otsalawo alibe pobisala, chigulu chimaduka zidutswa zidutswa. Mtsogoleri akatsala mu chidutswa chachiwiri atha kutaya mphindi pa msewu wopanda ndi chitunda chomwe. Apa ndi pomwe pamafunika kaputeni wa pamsewu, domestique wamkulu wodziwa kuwerenga mpikisano, yemwe amagamula pompo osadikira a m'galimoto. Luke Rowe wa ku Wales anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri ku timu ya Sky yomwe inadzakhala Ineos.

Ku mapiri zimasintha pang'ono. Sipidi imatsika ndiye mphepo siivuta ngati pa flati, koma anthu awa amakwera phiri mothamanga moti kubisala kumathandizabe, komanso pali cholinga china, kutopetsa adani. Timu imaika anthu ake mu mzere pansi pa phiri, woyamba apalasa ndi mphamvu zake zonse makilomita awiri kapena atatu mpaka atheretu, apatuka, wachiwiri atenga, sipidi osatsika, chigulu chikungothothoka kumbuyo, 60 atsala 30, 30 atsala 10. Womaliza pa mzerewo amakhala munthu woti ku timu ina akanakhala mtsogoleri, ndi amene amawatcha super domestique. Pa phiri la Hautacam mu 2022, Van Aert yemwe uja, munthu wamkulu thupi atavala jezi yobiriwira ya anthu a liwiro, anakoka mpaka Pogačar anatsalira, ndiye anapatuka Vingegaard nkupita yekha. Sabata imodzi izi zisanachitike, Primož Roglič, yemwe anabwera ngati mtsogoleri mnzake wa Vingegaard koma anavulala phewa pa siteji ya miyala ija, anavomera kukhala nyambo. Iye ndi Vingegaard amathawa mosinthana pa phiri la Galibier, Pogačar nkumathamangitsa aliyense, pofika pa phiri la Col du Granon analibenso kanthu ndipo anataya pafupifupi mphindi 3.

Anthu a liwiro, omwe amawina masiteji a flati pothamanga mamita 200 omaliza, nawo ali ndi antchito awo. Amapanga mzere ngati sitima, aliyense akoka pang'ono nkupatuka, womaliza amamufikitsa mnzake pafupi ndi mzere pa sipidi ya pafupifupi 65 kapena 70 kenako nkumutsegulira njira. Munthu ameneyu amakhala wa liwiro naye, woti atafuna atha kupikisana. Mu 2009 pa Champs-Élysées ku Paris, Mark Renshaw anamutsogolera Mark Cavendish mwamphamvu moti Cavendish anawina Renshaw nkukhala wachiwiri, manja ali m'mwamba ngati wawina ndi iye. Mu 2021 ku Carcassonne, tsiku lomwe Cavendish anafanana ndi katswiri wakale Eddy Merckx powina masiteji 34 a Tour, wachiwiri anali Michael Mørkøv, womutsogolera wake. Ndipo ntchito siithera pa flati. Siteji iliyonse ili ndi malire a nthawi owerengedwa kuchokera pa nthawi ya wowina, ukafika mochedwa kuposa apo watuluka mu mpikisano. Anthu a liwiro ndi olemera, mapiri amawazunza, ndiye ma domestique amatsala nawo kumbuyo mu kagulu komwe amakatcha gruppetto, kuwakoka, kuwawerengera mphindi, kuwalimbitsa mtima. Chaka chomwecho cha 2021 pa siteji 9 yopita ku Tignes, kukugwa mvula yozizira, Cavendish anafika patatsala pang'ono kuti nthawi ithe ali ndi Mørkøv ndi Declercq, anawakumbatira akulira.

Tsiku lomwelo la ku Tignes lili ndi nkhani ina yomwe imandikhudza. Nic Dlamini wa ku Capricorn Park ku Cape Town, munthu wakuda woyamba wa ku South Africa kupalasa Tour de France, anagwa potsetsereka, anatsala yekha opanda womutchingira mphepo. Amadziwa kuti nthawi yamudutsa koma anakana kukwera galimoto, anapalasa mpaka pamwamba nkufika patapita ola ndi mphindi zoposa 20 wowina atafika kale, anthu akuyamba kupasula zinthu. Mtsogoleri akagwa timu yonse imaima. Wothandiza akagwa nthawi zambiri palibe amene amatumidwa kukamutenga.

Chodabwitsa nchoti amene anayambitsa Tour de France mu 1903, Henri Desgrange, amadana nazo zonsezi. Iye amafuna munthu aliyense azilimbana yekha, kukonza yekha njinga ikawonongeka, osathandizidwa. Mu 1911 Maurice Brocco, ataona kuti iye mwini sangawinenso, anayamba kudikira ndi kukoka François Faber, ndipo Desgrange anamunyoza mu nyuzipepala yake ya L'Auto kuti ndi domestique chabe. Brocco anakwiya, pa siteji yotsatira ya m'mapiri anawasiya onse kutali nkuwina kuti aonetse kuti mphamvu ali nazo, koma anamuchotsabe mu mpikisano. Dzina lija linakhala. Mphepo siimvera malamulo a munthu, matimu anapitiriza kuthandizana mpaka zinangovomerezeka.

Pofika 1934 chinthu chomwe chinali chamanyazi chinasanduka ulemu. René Vietto, mnyamata wa zaka 20, amakwera mapiri kuposa aliyense chaka chimenecho, koma mtsogoleri wa timu ya France anali Antonin Magne. M'mapiri a Pyrenees tayala la Magne linathyoka, Vietto anapereka lake nkukhala pa kampanda ka miyala akulira kudikira galimoto, ndipo chithunzi chake chinafalikira dziko lonse la France. Mawa lake Magne zinamuvutanso, Vietto anali kutsogolo, atamva anatembenuka nkukwera phiri kubwerera komwe wachokera kukapereka njinga yake. Magne anawina Tour, Vietto anakhala wachisanu, ndipo moyo wake wonse sanawineko Tour. Ina ndi ya Andrea Carrea, gregario wa Fausto Coppi. Mu 1952 analowa mu gulu la othawa pongofuna kulondera zofuna za bwana wake, pofika ku Lausanne masamu anaonetsa kuti jezi yachikasu ndi yake. Munthu analira, osati ndi chimwemwe koma mantha ndi manyazi kuti watenga chinthu cha Coppi. Mawa lake pa Alpe d'Huez Coppi anaitenga jeziyo ndipo Carrea mtima unakhala pansi.

Nkhani zimenezi zimakoma kuzimva koma tisanamizane, si onse amene amavomera ndi mtima umodzi. Vuto limabwera wothandiza akakhala ndi mphamvu kuposa bwana wake. Mu 1985 LeMond anauzidwa kuti adikire Bernard Hinault pomwe amaona kuti atha kuwina, Hinault analonjeza kudzamubwezera chaka chotsatira, koma mu 1986 anakhala akuthawa mnzakeyo mpaka timu ya La Vie Claire inagawikana, ngakhale pomaliza LeMond anawina. Mu 2012 pa phiri la La Toussuire, Froome, yemwe anabadwira ku Nairobi nkuphunzira sukulu ku South Africa, anathamanga nkumusiya Bradley Wiggins yemwe anali ndi jezi yachikasu, wailesi inalankhula m'khutu ndipo dziko lonse linamuona akubweza mwendo kudikira. Wiggins anawina, Froome wachiwiri, ubale wawo unaipa kwa zaka. Froome anadzawina Tour kanayi, 2013, 2015, 2016 ndi 2017, koma ambiri omwe amadikira motere mwayi wawo sumabweranso.

Nkhani ya Sepp Kuss wa ku America inatha mosiyana. Mu 2023 anapalasa mipikisano yonse itatu ikuluikulu, anathandiza Roglič kuwina Giro d'Italia, anathandiza Vingegaard kuwina Tour de France, ndiye mu Vuelta a España analowa mu gulu la othawa sabata yoyamba nkupezeka kuti jezi yofiira ya wotsogola ili pa iye. Mabwana ake onse awiri anali mu timu yomweyo ya Jumbo-Visma. Pa phiri la Angliru, tsiku lake lobadwa, awiriwo anamusiya chakumapeto ndipo jezi inatsala ndi masekondi 8 okha. Anthu okonda masewerawa anakwiya kwambiri, munthu wakunyamulani zaka zonsezi ndiye inu mukulephera kumudikira tsiku limodzi? Timu inakhala pansi, mawa lake anamuteteza mpaka ku Madrid, Kuss woyamba, Vingegaard wachiwiri, Roglič wachitatu. Ine ndimaona kuti anthu analondola kukwiya. Ena amati wamphamvu ndiye awine, koma masewera awa onse amayenda chifukwa wamphamvu nthawi zina amauzidwa kudikira, ndiye lamulo lisagwire pa anthu wamba okha.

Ndipo mukafuna kudziwa mtengo wa domestique, onani tsiku lomwe palibe. Mu Tour de France ya amayi ya 2024, Demi Vollering anagwa atavala jezi yachikasu patatsala makilomita pafupifupi 6 pa siteji 5. Anzake a timu ya SD Worx omwe anali kutsogolo sanabwerere, mmodzi mwa iwo Blanka Vas anawina sitejiyo, Vollering anathamangitsa pafupifupi yekha nkutaya mphindi imodzi ndi masekondi oposa 40. Pa tsiku lomaliza anawina pa Alpe d'Huez koma mpikisano wonse anaphonya ndi masekondi 4 kwa Kasia Niewiadoma. Masekondi 4, omwe munthu mmodzi womutchingira mphepo kwa kilomita imodzi akanawapulumutsa.

Nanga amapeza chani? Salale choyamba. Timu za mu gawo lapamwamba la WorldTour zimakakamizidwa kulipira ndalama yochepetsetsa yomwe ili pamwamba pang'ono pa mayuro 40,000 pa chaka, ma domestique odalirika amalandira zoposa apo kangapo, pomwe akatswiri ngati Pogačar amalandira mamiliyoni. Pali mwambo wakale woti mphotho za mpikisano zimaikidwa pamodzi nkugawana, kuphatikizapo amakaniko ndi osisita minofu, ndipo wowina Tour, yemwe mphotho yake ndi mayuro 500,000, mwa mwambo amasiyira anzake chifukwa iye apeza zambiri pa makontrakiti. Koma ntchito yake njosakhazikika, makontrakiti ambiri ndi a chaka chimodzi kapena ziwiri. Bungwe loyendetsa masewerawa la UCI limapereka mapointi kwa munthu malinga ndi nambala yomwe wafika, ndipo mapointiwa ndi amene amagamula timu yotsala mu WorldTour ndi yotsika pakatha zaka 3 zilizonse. Munthu wokoka makilomita 150 nkufika nambala 140 alibe pointi olo imodzi. Timu ikatha chifukwa kampani yoithandiza yachoka, zomwe zimachitika pafupipafupi, iye amapita kukafuna ntchito ndi pepala lopanda kanthu, chomupulumutsa ndi mbiri yake pakati pa anthu omwe anamuona akugwira ntchito. Apa pokha ndimaona kuti masewerawa amawalakwira anthu omwe akuwanyamula.

Kudalira bwana kumeneku kuli ndi mbali yake yamdima. Nthawi ya Lance Armstrong, anthu omuthandiza ku timu ya US Postal nawo amagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa, chifukwa kuti ukoke phiri pa sipidi yomwe bwana akufuna umafunika kukhala ndi zomwe bwana ali nazo, ndipo wokana malo ake amatenga wina. Pomaliza ndi iwo omwe anaulula, Frankie Andreu, Floyd Landis, Tyler Hamilton, ngakhale George Hincapie yemwe anali naye mu ma Tour onse 7, ndipo mu 2012 Armstrong analandidwa ma Tour onsewo omwe anawina kuyambira 1999 mpaka 2005. Ngozi nazo sizisankha, munthu wotsika phiri pa sipidi ya 90 kuthamangira kukapeza mtsogoleri wake wavala kansalu kopyapyala ndi chipewa basi.

Kwa ife a ku Africa kuno nkhani ya domestique ndi khomo lomwe ambiri amalowera. Timu ya ku Ulaya siingakutenge lero nkukupatsa anthu 7 okutumikira, umayamba ndi kutunga madzi, akaona kuti ndiwe wodalirika ndi pomwe amakupatsa tsiku lako. Biniam Girmay wa ku Eritrea atawina masiteji atatu ndi jezi yobiriwira mu 2024 tonse tinasangalala, koma kutsogolo kwake kunali anthu ngati Mike Teunissen omwe amamuboolera njira mu chipwirikiti cha makilomita omaliza. Ndi chifukwa chakenso pa mpikisano wa dziko lonse, ngati womwe unachitikira ku Kigali mu September 2025, maiko omwe amabwera ndi munthu mmodzi kapena awiri amavutika pamaso pa Belgium kapena Slovenia omwe abwera ndi timu yodzaza. Olo mwendo uli bwino, ukakhala wekha madzi ukatenga wekha, mphepo ndi yako, tayala likaphulika ubwerera wekha.

Munthu woyamba wa ku South Africa kuvala jezi yachikasu anailandira ngati malipiro a ntchito yomweyi. Mu 2013 Daryl Impey wa ku Johannesburg anali womutsogolera Simon Gerrans ku timu ya Orica-GreenEdge, ndipo pa siteji 3 ku Calvi, pa chilumba cha Corsica, ndi iye amene anamufikitsa Gerrans pamalo abwino mpaka anapambana Peter Sagan ndi kachidutswa ka tayala. Mawa lake timu yawo inawina mpikisano wa nthawi wa matimu, momwe timu iliyonse imapalasa payokha, ku Nice, Gerrans anavala yachikasu, Impey ali ndi nthawi yofanana naye ndendende. Gerrans anaivala masiku awiri, ndiye pa siteji 6 yopita ku Montpellier anagwira ntchito yotsogolera anzake nkudzisiya dala kutsalira pang'ono kumapeto, Impey anafika masekondi ochepa patsogolo pake, jezi nkusamukira kwa wantchito. Impey anaivala masiku awiri. Pa siteji 8, mapiri a Pyrenees atayamba, timu ya Sky inaika mzere wake, Peter Kennaugh anakoka, Richie Porte anatenga, Froome anapita yekha pa Ax 3 Domaines nkulanda jeziyo, ndipo wachiwiri kufika pamwamba tsiku limenelo anali Porte yemwe anamukoka uja.